Apongozi m'sitima ya ku Limbe

"Kodi amake Lute, inuyo sitima munayionera kuti?"

Anandifunsa choncho ndi aNachisale, anzanga oyandikana nawo nyumba kuno ku Lobi, tikusankha nyemba pakhonde. Ana athu anali atagwirana m'chiuno pabwalo akuti akusewera sitima, koma wakutsogoloyo ankaliza "pipiii" ngati lole ya mbatata, n'kumakhota paliponse pamene wafuna mpaka kuzungulira nkhokwe. Ine ndinangowadzudzula kuti sitima sikhota chonchi, ili ndi njira yake imodzi. Apo m'pamene aNachisale anaika lichero pansi n'kundiyang'ana, popeza amandidziwa kuti ulendo wanga wautali ndi wa ku boma kukabayitsa mwana. Ndinawauza kuti sindinangoyiona ayi, ndinakwera, ndipo nyemba zinatha kusankhidwa nkhani isanathe.

Kwathu kwenikweni ndi kuseri kwa Bembeke, kumapiri kumene nkhungu imachedwa kudzuka kuposa anthu. Nthawi imeneyo ndinali sitandade 2 pasukulu ya mishoni. Akulu anga a Rozina anakwatiwa ndi a Fabiano, mnyamata wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene anapeza ntchito ya njanji ku Limbe. Ntchito yawo inali yoyenda m'sitima n'kumaboola matikiti a anthu. Anakhala pachikamwini dzinja limodzi, kulima munda wa amayi mpaka manja matuza, kenako anapempha kuti atenge mkazi wawo kutauni.

Dzinja lonselo amayi ndi a Fabiano sanaonanepo maso ndi maso. Kwathu mpongozi sunkakumana naye. Amayi akawaona akubwera m'kanjira ka kudimba, ankapatukira m'chimanga ndi mtsuko pamutu, n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Iwonso akayamba ndiwo kuona, ankalowa m'tchire ngakhale muli chisoso ndi minga. Tsiku lina onse anapatukira mbali imodzi, ndipo munali chipwirikiti m'chimangamo ngati mwalowa nguluwe. Mawu awo onse ankadzera mwa ine. Amayi ali kuseri kwa nyumba ankati, "Kawauze apongozi kuti madzi osamba apita." Ine n'kuthamanga masitepe asanu okha kukanena zomwe munthuyo wamva kale ndi makutu ake. Alamu anga ankayankha ndi nkhope yaulemu kuti, "Kawauze ndathokoza," kenako n'kundinong'oneza, "Iwe mkazi wanga wamawa, mamina ako ukapukute."

Uthenga woti akulu anga achira, mwana wamkazi, unabwera ndi bambo wina amene ankapita ndi kabichi kumwera. Anati mayi ndi mwana atuluka kuchipatala, koma adikira m'chikuta mpaka agogo ake afike adzamusambitse. Anawonjezera kuti a Fabiano akuti tikwere sitima ya Lachiwiri, chifukwa tsiku limenelo iwo sakhala m'njira. Koma Lolemba m'mudzi munagwa maliro, ndipo munthu suchoka maliro ali m'nyumba. Tinanyamuka mochedwa, kukakwera ya kumapeto kwa sabata, ndipo panalibe amene anaganizirapo kawiri.

Katundu wathu anali wa mwana woyamba kubereka. Thumba la ufa woyera, dengu la kachewere, nyemba za nanyati, msoti wakuda woti akulu anga amwe msuzi, ndi mphika watsopano umene azakhali anaumba kuti muzitenthetsedwa madzi a khanda. Pangodya ya nsalu amayi anamanga zinthu zitatu pamodzi: makhadi a chipani, popeza popanda amenewo sunkalowa ngakhale mumsika, kolona yawo, ndi timitsitsi tosambitsira mwana timene abambo a mishoni sankayenera kumva. Amalume anatiperekeza ndi njinga kutsika phiri lonse mpaka ku Golomoti. Tinachoka kumtunda titavala majuzi, mano akugundana, koma pofika kumunsi thukuta linali kamukamu. Ndinaona mlambe koyamba, ndinayesa mtengo umene wadwala.

Tinagona kwa achibale a amalume, m'mawa n'kupita pasiteshoni. Ine ndinkayembekeza chinthu chonga basi yaikulu. Chimene chinabwera chinayamba ndi kunjenjemera kwa nthaka m'mapazi mwanga, kenako kulira kwakukulu ngati ng'ombe yamphongo ili m'mgolo. Ndinabisala kumbuyo kwa amayi, msoti uli m'khwapa. Amalume anatikankhira m'bogi, chimodzi mwa zipinda za sitimayo, n'kulowetsa katundu pazenera. Tinapeza malo pabenchi yathabwa, dengu ndi ufa pansi pa miyendo, mphika pamiyendo pa amayi. Sanafune kuutula pansi ngakhale pang'ono.

M'menemo munkanunkha usipa wochokera ku Chipoka, fodya wa chingambwe ndi utsi wa dizilo. Mitengo inkathawira kumbuyo, mapiri a kwathu akutitsatira kudzanja lamanja mpaka anatopa. Pa siteshoni iliyonse ana ankathamangira kumazenera ndi mbale za nthochi, chinangwa chophika ndi mazira. Amayi anandigulira nzimbe, ndipo ndinkalavulira zikhusu pazenera n'kumaona mphepo ikuzilanda. Amene anaboola matikiti athu poyamba anali bambo wonenepa wosaseka. Kachitsulo kake kankalira "kete, kete," ndipo ndinaganiza kuti palibe ntchito yabwino kuposa imeneyi padziko.

Pa Balaka tinaima nthawi yaitali, antchito a m'sitima n'kusinthana. Titangonyamuka, ndinamva kukhomo la bogi mawu amene ndinkawadziwa bwino.

"Matikiti! Matikiti m'manja, abale anga!"

"Alamu!" ndinakuwa ine, nditaimirira pabenchi.

Amayi ananditsina pantchafu mpaka lero ndimapakumbuka, uku dzanja linalo likukokera nsalu kumutu. A Fabiano anali atavala yunifomu ndi chipewa cha mlomo wonyezimira. Anangoti kakasi, anavula chipewacho, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo. Anaponda phazi la munthu, anagunda dengu la nsomba, mpaka anatulukira pakhomo pomwe analowera. Patapita kanthawi ndinaona chala chokha chikundikodola.

"Iwe, lero ndi Lachiwiri?" anandifunsa titaima polumikizira mabogi, pansi pakuoneka miyala ikuthamanga.

"Kunali maliro, alamu. Agogo a kwa Sitolo."

"Ogo, pepani. Tsono kawauze amayi kuti ndawaona. Iyayi! Usakati ndawaona. Ukati ndamva kuti ali m'njira, ndipo kunyumba onse ali bwino."

Anandisisita kumutu, n'kundiuza kuti ndatalika koma nzeru zatsalira kuphiri. Ndinakapereka uthengawo. Amayi anayankhira m'nsalu kuti ndikawauze kuti tathokoza, agwire ntchito ndi mtima umodzi.

Vuto linali lakuti m'sitima mulibe chimanga chopatukiramo. Njira ndi imodzi, ya pakati pa mabenchi, ndipo bogi yathu inali pakatikati. Alamu sakanadutsa. Ndiye chimene ankachita n'chakuti sitima ikaima, ankatsika, n'kuthamanga pansi chowerama kuti mutu usaonekere pazenera lathu, n'kukakwera bogi yakumbuyo. Pa siteshoni ina ankabwereranso chimodzimodzi. Ine ndinkaona chipewa chokha chikudutsa m'munsi mwa zenera ngati nkhanga m'udzu. Anthu a m'bogi mwathu anayamba kufunsana, ndipo ine, pakamwa posatseka, ndinawafotokozera zonse.

Dzuwa litapendeka tinayamba kuyandikira tauni, ndipo sitima inasintha anthu. Ife a ulendo wautali tinali titatopa, tikusinza. Amene anakwera pa Lirangwe ndi pa Lunzu anali ena, odziwa khomo lililonse, okwera sitima isanaimitsitse. Amayi a madengu a tomato ndi mpiru, abambo a matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni, alonda opita kukagwira ntchito ya usiku atanyamula zibonga ndi tizitini ta chakudya, ana a sukulu ogonera kwa achibale. Ankatchulana mayina, kufunsana za odwala, wina kusungira mnzake malo. Pafupi ndi ife panakhala mayi wina wa tomato, wamfupi, wa mpata kumano, amene anati amakwera sitimayi kuyambira ali ndi pakati pa mwana amene tsopano ali ndi ndevu.

"Tauni ija mukuionayo ilibe munda, mayi," anawauza amayi. "Munda wake ndi sitima ino. Ikangogona panjira, mawa ku Ndirande adya nsima ndi mchere."

Anthu a m'tauni sachedwa kununkhiza mwayi. Sindidziwa amene anayambitsa, koma mbiri inayenda sitima yonse yakuti kuli bogi ya apongozi, kumene wamatikiti saponda. Anayamba kulowa mmodzimmodzi, ena ochokera kutsogolo, ena kumbuyo. Pofika pa Lunzu munalibe poponda. Anyamata ena ankafika n'kuwomba m'manja mwaulemu pamaso pa amayi, "Tabwera kudzabisala kwa inu, agogo." Mlonda wina anawapatsa chimanga chootcha kuti zikomo. Bogi yonse inali phwete, ndipo ine ndinkanyada kuti amayi anga atchuka. Eni akewo anali chifundire m'nsalu, atakumbatira mphika wawo.

Mayi wa tomato uja ndi amene analeka kuseka. Anawerama n'kulankhula motsitsa.

"Mayi, ine ndinena poti nanenso ndine mpongozi wa munthu. Pa Blantyre pamakwera bwana wawo, amayendera matikiti mpaka ku Limbe. Akapeza bogi yathunthu yosaboola, theka opanda n'tikiti yomwe, mkamwini wanuyo chipewa chija avula lero. Ingofundani chonchi, adutse."

"Adutse pati?" amayi anafunsa. "Kuti andikhudze mawondo? Ndipo ngakhale nditalola ine, iwo sangalowe. Analeredwa."

Ine ndinkawadziwa amayi akamaganiza, chala chachikulu chinkasisita pamphuno. Tinali kupita kukaona khanda la masiku owerengeka, ndiye tikafike titawachotsetsa bambo ake ntchito? Sitima itayamba kuchepetsa liwiro pa Chirimba, anaimirira.

"Nyamula nkhukuyo. Tiwapatse njira apongozi."

Kwa iwo nkhani inali yapafupi. Munthu ukakumana ndi mpongozi umapatuka, akadutsa n'kubwerera m'njira. Mayi wa tomato anakuwa kuti pano siyikhalitsa, koma amayi anamuyankha modekha kuti ufa ndi dengu tazisiya momwemo, siingapite ndi katundu eni ake ali pansi. Basi ya kwathu inkatero. Munthu ankatsika kukadzithandiza kapena kukalonjera azakhali ake m'mphepete mwa msewu, kondakitala n'kumadikira akutukwana pang'ono.

Tinatsika. Ndinathamangira alamu, amene anali atayamba kale kuwerama kuti adutse pazenera, n'kuwauza kuti amayi apatuka, alowe. Anatong'ola maso, n'kudumphira m'bogimo. Kunja kuno tinkamva "kete, kete, kete" mofulumira ngati mvula pamalata, ndi madandaulo a anyamata aja. Amayi anapita kuseri kwa mulu wa zitsulo za njanji, patali ndithu, nagwada chofulatira, mphika uli m'manja. Ine ndinaima pambali pawo ndikuyang'ana nyumba zamalata zothithikana m'mphepete mwa phiri, ndi utsi wa mafakitale.

Wezulo inalira. Ine ndinkayesa kuti sitima ponyamuka imachita phokoso ngati pofika, koma inangoyamba kutsetsereka mwakachetechete ngati njoka.

"Amayi, ikupita!"

"Apongozi adutsa?"

"Sitima ikupita, amayi!"

Anatembenuka. Sindinawaonepo amayi akuthamanga chiyambire, ndipo sindinawaonenso. Nsalu inachoka kumutu, duku linatsalira pawaya, mphika uli pachifuwa ngati mwana. Ine patsogolo ndi msoti ukukupiza mapiko kumaso kwanga. Mazenera onse anadzaza mitu, anthu akukuwa, "Thamangani agogo! Limbani!" Mabogi ankatidutsa imodzi ndi imodzi.

Pakhomo la bogi yathu panatulukira a Fabiano. Anatsika pa sitepe yam'munsi, dzanja limodzi atagwira chitsulo. Ine anandigwira pa diresi kumsana n'kundiponyera m'kati ngati thumba la chinangwa. Ndinagwera pa makala a munthu, msoti n'kupulumuka, kutulukira pazenera la mbali inayo. Nditadzuka ndinaona alamu atatambasula dzanja, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Anayang'ana kwa ine ngati akufuna kundituma. Kenako anakuwa okha, mawu amene anamveka mpaka ku injini.

"Amayi! Tayani mphikawo, gwirani dzanja langa!"

Amayi anawayang'ana kumaso, koyamba chikwatireni mwana wawo. Mphika unagwa pamiyala, phwaa! Anagwirana pamkono, alamu anakoka, mlonda uja anakoka alamu pa lamba, onse atatu n'kugwera m'kati pamwamba pa mpiru.

Amayi anakhala pansi akupuma mwabefu, mutu uli pamtunda wopanda duku, phazi limodzi lopanda nsapato. Alamu anaimirira, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Palibe amene ankadziwa chochita. Ndiye iwo, posowa mawu ena, ananena amene anawazolowera.

"Tikiti, amayi."

Mayi wa tomato analuluta, bogi yonse n'kuphulika. Ena ankamenya mabenchi, ena misozi ili mbwembwembwe. Amayi anamasula ngodya ya nsalu, anatulutsa tikiti pakati pa kolona ndi timitsitsi tija, napereka ndi manja awiri. Inali yoboola kale, koma alamu anaiboolanso. Kenako ndinaona mapewa a amayi akugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, atatseka pakamwa ndi chikhatho.

Pa Blantyre bwana uja anakweradi, wamtali, wa magalasi. Anayenda bogi yonse, tikiti iliyonse ili ndi chiboo chake, ndipo amene analibe anali atadulitsa kale kwa alamu akung'ung'udza. Anangodabwa kuti bwanji anthu a m'bogi imeneyi akumwetulira onse. Theka la anthu linatsikira pomwepo, madengu pamutu, kuthamangira kumsika ndi kumabasi, ena atsopano n'kukwera opita ku Limbe kokha, ovala mataye, atapinda nyuzipepala m'khwapa. Ine ndinakanirira pazenera. Sitima inkadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, pafupi moti ndinkaona mayi akupeta mpunga, mwana akusamba m'beseni, osatembenuka n'komwe. Kwa iwo chinthu choopsa chija chinali ngati tambala wolira pa nthawi yake.

Tinafika ku Limbe magetsi akuyamba kuyaka. Kuchokera pasiteshoni kupita ku nyumba za antchito a njanji, alamu ananyamula ufa paphewa, ali patsogolo, amayi pambuyo akutsimphina ndi nsapato imodzi. Panjira amayi anatembenukira kwa ine mwachizolowezi.

"Kawauze apongozi kuti..." Anaima. Kenako anakweza mawu pang'ono. "Apongozi, thumbalo lisakupwetekeni, n'lolemera."

"Iyayi amayi, n'lopepuka."

Akulu anga atamva anthu awiriwa akuyankhulana pakhomo, anayesa kuti kwagwa zovuta kumudzi. Titawafotokozera anaseka mpaka kugwira pamimba, akudandaula kuti tiwaphulitsa. M'mawa mwake amayi anatenthetsa madzi m'sefuliya yobwereka kwa anansi, anaikamo timitsitsi tawo, namusambitsa mdzukulu wawo, n'kumutulutsa panja kuti aone dzuwa. Msuzi wa nkhuku panalibe, akulu anga anamwa wa nyemba, ndipo mkaka unatuluka bwinobwino.

Titabwerera kumapiri nkhani inali itatitsogolera. Azakhali anakwiya, theka chifukwa cha mwambo, theka chifukwa cha mphika wawo. Anati zoyankhulana ndi mpongozi zili ndi njira yake, pamakhala akuluakulu, pamaphedwa nkhuku. Amayi anawayankha kuti akuluakulu analipo bogi yathunthu, ndipo nkhuku inaperekedwa, kungoti anadya ndi a ku Chirimba.

Masiku ano anthu a kuno akafuna kumwera amangokwera basi pamsewu wa tala, palibe amene amatsikanso phiri kukadikira sitima. Za upongozi nazo zikutha. Amuna anga amakhala khonde limodzi ndi amayi, kukambirana za mtengo wa feteleza, nthawi zina mpaka kutsutsana. Ine sindinena kuti n'zoipa, koma pena ndimaona kuti kuthawana kuja kunali ndi kukoma kwake. Munthu wamkulu, wa yunifomu, kuthamanga chowerama pansi pa zenera chifukwa cha mayi wosavala bwino wa kumapiri, si chinthu chaching'ono. A Fabiano anagwira ntchito ya njanji mpaka imvi, ndipo amayi akadwala ndi iwo amene amayamba kufika.

Zimene tinataya pa ulendo umenewo ndi izi: mphika umodzi watsopano, msoti wakuda, duku, nsapato ya kumanzere, ndi ntchito yanga ya utumiki, poti kuchokera tsiku limenelo palibe amene anandituma kukanena mawu kwa munthu amene ali pomwepo.